Tidakali pa Ndime Yachiwiri

Magetsi apita, ndipo kuno ku Luchenza akapita nthawi ngati ino sabweranso msanga. Sendezani mipando kufupi ndi mbaula. Foni yanu yojambulira mawuyo ikani patebulo, koma kanyali kakeko muzimitse. Sindinazolowere kuyankhula ndikuwalitsidwa kumaso.

Mwayenda mtunda wautali kudzafunsa za gulu la Dzimbiri, ndipo ndinu oyamba. Zaka zoposa makumi atatu zapita popanda munthu wogogoda pakhomo pano ndi funso limenelo. Kaseti ilipo, imodzi yokha, ili kuchipinda uko. Muimvera. Koma muyambe mwamva kwa ine, chifukwa nyimbo yomaliza pakasetipo inadukira pakati, ndipo amene anaidula ndine.

Anali anayi. Laisoni ankaimba, ngati kukuwa kuja tingakutche kuimba. Kenala ankaliza gitala, Faifi babatoni, chigitala chachikulu chija cha nsambo imodzi, ndipo amuna anga, a Dyton Makwinja, ankaomba ng'oma. Onse ankagwira ntchito pagalaja ina kufupi ndi siteshoni ya sitima. Tsiku lina Laisoni anagula jekete lachikopa pa kaunjika, m'thumba mwake n'kupezamo kaseti yopanda dzina. Munali nyimbo zothamanga ngati munthu wothawa galu, iliyonse yosakwana mphindi ziwiri, mawu ake osamveka ngakhale kwa ine amene ndinaphunzira Chingelezi mpaka ku koleji ya aphunzitsi. Mwandiuza kuti kunja amazitcha panki. Iwo dzinalo sanalidziwe. Anthu kuno ankangoti phokoso la ana a pagalaja.

Zida anapanga okha. Gitala linali la chigubu cha mafuta a injini, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Waya wa babatoni ankaupeza powotcha tayala lakutha. A Dyton anali ndi timigolo tiwiri tokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, ndi waya wotungidwa zitsekerero za mabotolo, umene ukaugunda unkalira ngati mvula pamalata. Zonsezi ankazilowetsa m'chimkuzamawu chakale choyendera batire la galimoto. Anaimba pagulu maulendo khumi ndi anayi. Ndinawerenga, chifukwa ulendo uliwonse ndinkachita manyazi.

Anali ndi lamulo limodzi lokha: nyimbo ikayamba, palibe wosiya mpaka ithe. Silinali lamulo lachibwana, pakuti kulikonse kumene ankapita anthu ankawagenda ndi zitsononkho ndi makoko a nthochi. Tsiku lina botolo linamutema Faifi pachipumi, ndipo anamaliza nyimbo magazi akudonthera pa babatoni. Oyambitsa nyimbo anali a Dyton: ankakweza timitengo tawo m'mwamba n'kukuwa kuwerenga mpaka kanayi. Pothera, onse anayi ankagunda kamodzi, pamodzi, ngati chitseko chomenyetsedwa ndi mphepo.

Mu Juni 1988 ndinali nditangoyamba kuphunzitsa, tili ndi miyezi isanu m'banja, ndili ndi pathupi pa mwana wathu Sungeni. Lachisanu lina a hedimasitala anandiitana mu ofesi n'kundifunsa mwaulemu kwambiri ngati zinali zoona kuti mwamuna wa mphunzitsi wawo amakuwa m'maholo atavala malaya ong'amba dala. Madzulo ake ndinapita kuholo ija ya kuseri kwa msika. Munali anthu osapitirira makumi awiri. Ankaimba nyimbo yawo yatsopano, "Denga Likudontha," ndipo wina anali ataika wailesi ya kaseti pampando kuti ajambule. Ndinadutsa pakati pa anthu, ndinakwera pansanja, ndinaima patsogolo pa ng'oma. Sindinakuwe. Ine sindikuwa, ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi osakwezapo mawu m'kalasi. Ndinangoti, "A Dyton, tiyeni kunyumba."

Anandiyang'ana kumaso, kenako pamimba. Anaika timitengo pansi, n'kunditsatira.

Dzimbiri inathera pomwepo. Timitengo tija ndinatola ndine, ndipo ndinawauza kuti ndasonkhezera moto. Sanafunsenso. Anapeza ntchito yokonza makina kufakitale ya tiyi, anakhala mkulu wa mpingo, bambo wabwino, munthu wosachedwa panjira. Chinthu chimodzi chokha sanasiye. Usiku uliwonse tikagona, ine nditawafulatira, zala zawo zinkayenda pamsana panga: paphewa, pansi pa nthiti, paphewa kawiri. Ndinkati, "Bambo a Sungeni, msana wanga si ng'oma." Iwo ankati, "Pepani, aphunzitsi," n'kusiya. Mawa lake n'kuyambiranso. Patapita zaka ndinasiya kudandaula. Ndinkagona nazo ngati mmene anthu a m'mbali mwa njanji amagonera sitima ikudutsa.

Anzawo aja anapita mmodzimmodzi. Kenala anagundidwa ndi galimoto ku Joni. Faifi anatha ndi chifuwa. Laisoni anadwala nthawi yaitali, m'zaka zija tinkaika maliro sabata iliyonse. Mlongo wake anabwera pano ndi uthenga wake womaliza, ndipo anaunena ataima pakhomo, osalowa: "Akuti muwauze a Dyton kuti tidakali pa ndime yachiwiri." Uthengawo sindinaupereke.

Mu Januwale chaka chatha a Dyton anagwa kubafa. Ziwalo zonse zinafa, pakamwa panatsekeka, anatsala maso okha. Kuchipatala anandiuza kuti ndiwatengere kunyumba, sadutsa masabata atatu. Anadutsa masabata atatuwo, anadutsa Isitala, anafika mu Juni. Ndinkawamwetsa phala, masupuni anayi kapena asanu patsiku. Ndinkawatembenuza maola awiri alionse, komabe zilonda zinatuluka pamsana ndi m'chiuno. Munthu amene ankanyamula yekha injini ya chigayo ndinkamunyamula ine ndekha. Sankachira, sankapita. Maso awo ankakhala pazenera.

Ndikuuzeni zoona: ndinkakondwa. Anali moyo. Ndikalowa m'chipinda munali munthu.

Chiperoni itayamba, ndi nkhungu yake ija imene imabisa phiri la Mulanje masiku anayi, a Bwanali anabwera pakhomo m'mawa wina. A Bwanali amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango patsidya pa msewupo. Anachokera ku Liwonde zaka khumi zapitazo, za Dzimbiri sanamvepo.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Nanga odwala?"

"Ali chimodzimodzi, a Bwanali."

"Koma tauni inoyi ili ndi mbava za misala. Njinga zisanu ndi imodzi ndinazimanga ndi tcheni. Ndikupeza njinga zonse zilipo, matayala alipo, mabelu alipo. Aba mawaya a mabuleki okha! Munthu wakuba waya kusiya njinga, ameneyo mutu wake ukugwira? Wakabaza wina sanayang'ane, wangokwera, pano ali m'ngalande ndi kasitomala wake yemwe."

Ndinaseka naye. Sindinaganize kanthu.

Patapita masiku awiri anabwera alamu anga, a Felesiya, mlongo wawo wamkulu wa a Dyton, amene ali ndi kaokala pamsika. Analowa osaodira ngati mwa masiku onse, chitenje chili chonyowa ndi mawawa.

"Alamu, ndalodzedwa ine. Kireti yonse ya zakumwa ndaipeza mabotolo ali kukamwa yasa. Zitsekerero palibe ngakhale chimodzi, koma zakumwa zili zodzaza, osamwako ngakhale dontho. Loko ali bwinobwino."

Madzulo omwewo ndinafuna chigubu chimene ndimasungiramo parafini. Parafini ndinamupeza atathiridwa bwinobwino mumphika wakale, osatayika. Chigubu panalibe. Kuseri kwa nyumba kunkamveka fungo la tayala lopsa, koma utsi sindinauone, ndipo mvula yowaza inali isanakate kwa masiku atatu.

Usiku umenewo, ndikuwatembenuza a Dyton, ndinamva kulira kwa nsambo imodzi. Kunkachokera kumpanda, pamene pali mtengo wa mapeyala. Wina ankaikunga: kuiliza, kuikoka pang'ono, kuilizanso, mawu akukwera pang'onopang'ono. Ndinayang'ana amuna anga. Kwa miyezi isanu maso awo anali ngati madzi a m'chithaphwi. Usiku umenewo anali maso a munthu amene wamva dzina lake.

M'mawa a Bwanali anandikodola ndikupita kukagula makala.

"Aphunzitsi, alendo anu anafika?"

"Alendo ati?"

"Azibambo atatu, dzulo chakumadzulo, nkhungu itatsika. Anaima apa n'kufunsa, 'Kwa Dyton ndi pati?' Osati a Makwinja, osati abambo aja odwala, ayi, Dyton basi, ngati mwana wa sukulu. Ndinawalozera. Ndinati, 'Koma lowani msanga, munthuyo wafooka.' Wina anati, 'Sitilowa. Tikudikira atuluke.'"

"Amaoneka bwanji?"

A Bwanali anakanda m'mutu ndi sipanala. "Ndiye chodabwitsa chake. Nkhope sindikuzikumbuka. Mmodzi anavala chijekete chachikopa chomukulira. Wina ali ndi chipsera apa pachipumi. Koma anthu ake opanda ulemu, aphunzitsi. Ndinawapatsa moni kawiri, osayankha."

Ndinagula makala anga. Ndinabwerera kunyumba, ndinakhoma mawindo onse, ndinapachika bulangete pazenera la kuchipinda.

Anayamba kuimba usiku womwewo. Sikunali kokweza. Kunali ngati wailesi ya m'nyumba yachitatu, koma kunkadutsa bulangete ndi khoma ngati palibe. Gitala, babatoni, ndi mawu okuwa aja: denga likudontha, denga likudontha, bwana akugona pouma. Ng'oma panalibe. Nyimbo yopanda ng'oma zake imayenda ngati munthu wotsimphina. Inkafika pakati pa ndime yachiwiri n'kuyamba kuzungulira pamzere umodzi, kubwereza, kubwereza, kenako zii. Ukapuma kawiri, inkayambiranso pachiyambi. Mpaka tambala woyamba. Misozi ya a Dyton inkatsikira m'makutu, ine n'kumapukuta.

Ndinatsimikiza mtima kuti sawatenga. Ndinawachotsa m'manja mwawo kamodzi ndili mtsikana, ndikanatha kuteronso ndili nkhalamba.

Ndinayamba ndi mapemphero. A Felesiya anabwera ndi amayi a mvano asanu ndi atatu kudzachezera usiku. Anakhala pamkeka pabalaza pano, anayamba nyimbo yodekha ya chitonthozo. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa yachiwiri ndinaona kuti akufulumira. Pa yachitatu ankathamanga moti mawu ankapunthana, amayi achikulire akuwefuka, maso ali tong'o, aliyense akuyang'ana mnzake kuti asiye, koma palibe amene ankatha kusiya. Itatha, mayi wina anatola nsapato zake m'manja.

"Mayi Makwinja, tidzabwera masana," anatero. Sanabwerenso.

Kenako ndinaganiza zowasamutsa. Ndinaimbira Sungeni ku Lilongwe kuti akonze chipinda, ndinapangana ndi mwini galimoto ina kuti abwere Lachitatu m'mawa. Inafika, tinawanyamula a Dyton pamatiresi mpaka pakhonde, koma galimoto inakana kulira. Batire linali litatheratu. Anaitana mnzake, yake inafika bwinobwino, itaima pageti batire n'kufa. Wachitatu anamva nkhaniyo n'kuzimitsa foni. Tinawabwezera kuchipinda. Powagoneka ndinaona kuti akundiyang'ana, ndipo sanali maso othokoza.

Usiku umenewo ndinatenga nyali n'kutuluka. Nkhungu inali yoti dzanja lako suliona bwino. Nditayandikira mtengo wa mapeyala, nyimbo inaleka. Sindinganene kuti ndinaona anthu. Ndinaona kuti pansi ponse panali ponyowa kupatula malo atatu. Ndinamva fungo la chikopa chakale ndi mafuta a injini. Penapake, pamsinkhu wa pakamwa pa munthu wamtali, panali kamoto ka ndudu kamene sikankaunikira nkhope iliyonse.

"Ndakudziwani," ndinatero. "Laisoni, Kenala, Faifi. Mwamuna wanga simumutenga. Bwererani kumene mwachokera."

Kenako wina anakonza kukhosi, mmene Laisoni ankachitira asanayambe kuimba. Mawu sanachokere kutsogolo kwanga. Anamvekera pafupi ndi khutu, ofatsa, aulemu kuposa mmene mwini wake analili ali moyo.

"Sititenga munthu ife, alamu. Tikudikira ng'oma."

Ndinabwerera m'nyumba osathamanga. Ndinatseka chitseko.

M'mawa ndinawauza a Felesiya zonse, kuyambira kuholo kuja mpaka uthenga umene sindinapereke. Tinali kukhitchini, iwo akuchapa nsalu za odwala. Anasiya kufikisa n'kundiyang'ana.

"Alamu, ndinene kapena ndisanene?"

"Nenani."

"Munamuchotsa pakati pa nyimbo, lero mukumutsekereza pakati pa njira. Munthu uja sakukhalira phala lanu ayi. Akulephera kupita chifukwa ali ndi ntchito yosamaliza, ndipo manja oti amalizire alibe."

"Ndiye mukufuna afe?"

"Ndinamubereka kumbuyo ine ameneyu, inu musanadziwe n'komwe kuti kuli Dyton. Musandifunse zimenezo. Mwaona msana wake mmene ulili? Inu mumati mukumusunga. Mukudzisungira nokha, aphunzitsi."

Palibe munthu anandiyankhulapo choncho. Ndinatuluka, ndinakakhala pakhonde mpaka dzuwa linapendeka. Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndinadziwanso tanthauzo lake: nyimboyo ikadzatha, m'chipinda muja simudzakhalanso munthu.

Kaseti ndinaipeza m'bokosi la zida la a Dyton, pansi pa masipanala, itakulungidwa m'kansalu. Ndinali ndisanaimverepo. Ndinagula mabatire, ndinapukuta fumbi pawailesi yakale, ndinakhala pampando umene mwakhalapo inuwo. Ndinamva mawu a mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi akukuwa, "Wani! Thu! Fili! Folo!" ndipo ng'oma zinagwa ngati matalala.

Sizinagwere m'makutu. Zinagwera pamsana panga. Paphewa, pansi pa nthiti, paphewa kawiri. Kugunda kulikonse ndinkakudziwa kusanafike.

Kenako ndinamva mawu a mtsikana, odekha, a munthu wodziwa kuti akulondola: "A Dyton, tiyeni kunyumba." Ng'oma zinaleka. Enawo sanaleke. Anazungulira pamzere womwewo, kubwereza, kubwereza, Laisoni akuitana pakati pa mawu a nyimbo, "Dyton! Bwerera, Dyton!" mpaka tepi inatha. Sanaswe lamulo lawo. Imene inatha ndi tepiyo.

Koma pamene ng'oma zinalekera pakasetipo, msana wanga sunaleke. Unapitiriza wokha: kutsiriza ndime yachiwiri, kulowa yachitatu, malo ena pamene zala zinkathamanga kutsika m'mbali mwa nthiti, kenako kugunda kumodzi kwa chikhatho chonse pakati pa mapewa. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti ndi chizolowezi cha manja osakhazikika. Munthu ankamaliza nyimbo yake usiku uliwonse, pang'oma yokhayo imene ndinamusiyira.

Ndinalowa kuchipinda, ndinachotsa bulangete pazenera. Ndinatsegula sutikesi yanga ya masatifiketi, pansi pake n'kutulutsa timitengo tiwiri. Ndinatiika pamene akanatha kutiona.

"Bambo a Sungeni, ndinakunamizani. Sindinawotche. Ndipo Laisoni anatumiza uthenga asanamwalire, ine sindinaupereke. Anati adakali pa ndime yachiwiri." Ndinawagwira dzanja. "Mukufuna timalize? Ngati mukufuna, phethirani kawiri."

Anaphethira kawiri. Kenako kawiri kenanso, kuti mwina sindinaone.

Ndinapempha masiku atatu. Ndinakanena pamtengo paja masana, ndikudzimva wopusa, ndipo mausiku atatu amenewo kunali chete. Kudziwa nyimbo ndi msana n'kosiyana ndi kuidziwa ndi manja. Ndinavundikira beseni lachitsulo ndi ndowa kukhitchini, ndinayamba kuphunzira ngati mwana wa sitandade wani. Timitengo tinkandipulumuka. Matuza anatuluka, anaphulika, ndinamanga nsalu n'kupitiriza. A Bwanali anasuzumira pampanda tsiku lachiwiri.

"Aphunzitsi, mwayamba ntchito yokhoma zidebe? Ndili ndi changa chodontha."

"Ndikuphunzira nyimbo, a Bwanali."

"Imeneyo ndi nyimbo? Pepani, ndimayesa ngozi."

Ndinamuimbira Sungeni kuti akwere basi, abwere adzatsanzike bambo ake. Anafika Loweruka masana. Ndinamufotokozera, ndipo ngakhale ndi namwino, wa zipatala ndi mankhwala, sanatsutse. Anangofunsa ngati iyenso angakhalepo. Ndinati, "Unalipo poyamba paja, ukhalepo pomaliza."

Masiku atatu aja atakwana, usiku, tinawasambitsa a Dyton, tinawaveka malaya oyera. Tinawakhazika tsonga pabedi, ine n'kukhala kumbuyo kwawo, msana wawo utatsamira pachifuwa panga. Sungeni anaika beseni ndi ndowa pamiyendo pawo. Ndinaika timitengo m'manja mwawo, manja anga n'kufumbata awo. Anali opepuka ngati mapesi. A Felesiya anaima pakhomo atagwira nyali.

"Tsegula zenera," ndinamuuza Sungeni.

Nkhungu inalowa, ndi fungo lija la chikopa ndi mafuta. Panja panalibe phokoso lililonse. Tinadikira. Kenako ndinazindikira chimene ankadikira: woyambitsa nyimbo ndi wa ng'oma.

"Wani, thu, fili, folo," ndinatero, mmene ndimawerengera ana pamzere.

Anayamba, ifenso tinayamba. Sitinafike patali. Gitala linatisiya m'mbuyo, babatoni inapunthwa, zonse zinamwazika n'kukhala chete. Panja wina anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene ndinali nditakuiwala, kwa Kenala.

"Alamu!" anakalipa a Felesiya, misozi ili mbwembwembwe. "Si nyimbo ya mvano iyi! Mukuomba ngati mukupepesa. Menyani! Ndipo kuwerengako kuwani, anthuwo ndi ogontha kuyambira kale!"

Ndinamva nthiti za a Dyton zikugwedezeka pachifuwa panga. Ndinachita mantha, ndinayesa kuti akubanika. Ankaseka.

Ndinakweza manja athu m'mwamba. Ndinakoka mpweya. Ndipo ine Elufe Makwinja, amene sindinakwezepo mawu pa mwana wa munthu, ndinakuwa mpaka agalu a kusiteshoni anayankha.

"Wani! Thu! Fili! Folo!"

Za mphindi ziwiri zimenezo sindingakuuzeni zambiri. Sizinalinso ngati wailesi ya kutali. Malata ankanjenjemera, fumbi linkagwa kudenga. Ndime yoyamba ndinaomba ndine, ndikukoka manja awo. Kenako tinafika pamzere uja, pamene mtsikana uja analowerera. Apa m'pamene ndikanatha kusiya. Akanakhala nane mwezi wina, mwina iwiri. Ndinaluma mano n'kudutsapo.

Kuyambira pamenepo sindikudziwa amene ankatsogolera. Sungeni amati zala zawo sizinasunthe, ndipo iye ndi namwino. Ine ndikudziwa kuti pamene tinafika pothamanga paja, potsika m'mbali mwa nthiti, manja anga anali atatopa kale, koma timitengo sitinaphonye ngakhale kamodzi. Kenako kugunda komaliza, kumodzi, tonse pamodzi. Beseni linabonyoka pakati.

Bata limene linatsatira sindinalimvepo chibadwire. Mutu wawo unatsamira paphewa langa, ngati munthu amene wafika kunyumba atayenda tsiku lonse. Panja tinamva anthu akunyamula katundu, zitsekerero zikulira pawaya, wina akung'ung'udza ngati akudandaula kuti tachedwa. Kenako mapazi anatsika kulowera kunjanji. A Felesiya anatchera khutu, milomo ikuwerenga.

"Anayi," anatero, n'kukhala pansi pomwepo, n'kuyamba kulira maliro.

M'mawa, anthu akusonkhana pasiwa, a Bwanali anandipeza kuseri. M'manja anali ndi mawaya asanu ndi limodzi, okulungidwa bwinobwino.

"Ndawapeza pachitseko changa, aphunzitsi. Koma atha ntchito. Aphwanyika ngati awagwiritsa ntchito zaka makumi atatu." Anandiyang'ana, anayang'ana nsalu za m'manja mwanga. Sanafunse. Anavula chipewa n'kukakhala ndi azibambo anzake.

Chaka chatha tsopano. Nyumba ili chete, palibe chimene chasowanso. Chovuta ndi tulo. Ndimagona chofulatira mbali yawo mpaka lero, msana uli podikira.

Kaseti ija nayi. Muijambule m'makina anuwo, muipereke kwa aliyense amene angafune, ndinaibisa mokwanira. Muzimva zonse, ndi mawu anga omwe, musawadule. Koma mwamva kale kuti pakasetipo nyimbo ilibe mathero. Mathero ake anali pamsana panga, pano ali m'manja mwangamu, ndipo ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu. Sindikufuna kuti tsiku lina ndidzaime pansi pa mtengo wa munthu ndikudikira.

Inu amene mwakhala mukugogoda bondo ndi zala chiyambire kuyankhula, ndakuonani. Kuseri kwa chitseko uko kuli beseni lobonyoka ndi ndowa. Bweretsani kuno, muvundikire. Timitengo nati. Koma mudziwiretu lamulo lake musanatigwire: tikayamba, palibe wosiya.

Mwakonzeka? Kwezani manja m'mwamba. Ndiwerenga kanayi.